Uthenga Wochokera ku Nsanja

Amuna anga ankagwira ntchito pa nsanja ya pabwalo lakale la ndege ku Lilongwe, lija lili kumadzulo kwa tawuni, bwalo la ku Lumbadzi lisanamangidwe. Ntchito yawo inali yolankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi, kuwauza kuti uyu atere, uyo ayambe wadikira, winayo anyamuke. Anthu akamva zimenezi ankaganiza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wolongolola. Ayi ndithu. Mawu onse ankawasiya ku nsanja komweko. Kunyumba kwathu ku Area 4 ankafika atangotsala ndi "Mwaswera bwanji" ndi "Zikomo", ndipo ukawafunsa zambiri ankangoti, "Tiona." Masiku ena ndinkalakalaka kuwagwira m'mapewa n'kuwagwedeza kuti mwina mawu ena agwemo.

Ine ndinali sekilitale ku unduna wina ku Kapitolo, zaka zija maofesi a boma ankasamuka ku Zomba, City Centre idakali fumbi ndi milu ya njerwa. Tinali titakhala m'banja zaka zingapo popanda mwana. Kawiri konse ndinatenga pakati, ndipo kawiri konse ndinapita padera mwezi wachinayi usanathe. Ulendo woyamba tinatsata mwambo wonse. Ndinauza azakhali, azakhali anauza apongozi, ndipo amayi akuluakulu anabwera kudzandilangiza. Wachiwiri ndinauza amuna anga okha. Iwo anathamangira kusitolo za amwenye ku Old Town n'kukagula shawelo yoyera, yomwe pambuyo pake tinasowa poibisa. Choncho pachitatu ndinatseka pakamwa. Kwathu nkhani ya pakati siyendetsedwa ndi pakamwa, anthu amangoona okha nthawi ikakwana. Ine ndinaonjezapo lamulo langalanga, lakuti ngakhale mwini wake asadziwe mpaka nditadumpha mwezi woopsa uja. Anthu a maso oipa ndinkawaopa, inde, koma chimene ndinkaopa kwambiri ndi kuonanso nkhope ya amuna anga itagwa chifukwa cha ine.

Ndine munthu wathupi, ndipo madiresi athu masiku amenewo anali aatali mwalamulo. Anga ndinkasoketsa otaya kwa telala woyandikana nafe nyumba, bambo wa Chisilamu. Akazi awo okha ndi amene ndikuganiza kuti anazindikira, chifukwa anayamba kundipatsira bwemba pampanda, osanena kanthu. Mwezi wachinayi unadutsa. Wachisanu utayamba ndinamva mwana akugwedezeka ndili pa taipi, ndipo ndinalakwitsa mzere wonse wa kalata ya abwana. Kuyambira tsiku limenelo ankasuntha tsiku ndi tsiku, makamaka ndikangodya. Ndinati ndiwauza amuna anga Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Lamulungulo lisanafike, abwana anandiuza kuti tipita limodzi ku msonkhano ku Blantyre, ndipo unduna unatikweza ndege.

Pobwerera tinanyamuka ku Chileka masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Inali ndege ya mapulopela, yodzaza ndi abambo a m'maunduna ovala masuti ndi amalonda angapo. Ine ndinakhala pawindo lakumanzere, abwana pambali panga. Anali bambo wachikulire wa ku Area 12, wosaseka ndi antchito, amene ankakhulupirira kuti sekilitale alibe mimba, mutu kapena maliro. Titadutsa mapiri a ku Dedza ndege inayamba kutsika, ndipo pansi pathu panamveka kugunda kwa matayala akutuluka. Ndinayamba kusonkhanitsa tizinthu tanga. Koma m'malo motsika, ndege inakweranso. Matayala analowa, anatulukanso, analowanso. Abwana anapinda nyuzi yawo pang'onopang'ono n'kuiika pamwendo.

Kaputeni analankhula m'Chingerezi, modekha ngati mkulu wa mpingo akuwerenga zolengeza, ndipo mayi wotithandiza m'ndegemo ankamasulira m'Chichewa. Anati kutsogolo kwawoko kuli timagetsi titatu tobiriwira, kamodzi ka mwendo uliwonse wa ndege, ndipo tayala likatuluka n'kukhoma bwino kagetsi kake kamayaka. Ka kumanzere sikanayake. Mwina babu lapsa, mwina tayala silinakhome, ndipo iwo ali m'kati sangathe kuona kunsi kwa ndege yawo. "Tidutsa pafupi ndi nsanja, chapansipansi, kuti anzathu a kumeneko atiyang'anire," anatero. "Tili ndi mafuta okwanira, sitikufulumira."

Anzathu a kumeneko anali amuna anga. Ndinkadziwa kuti masana amenewo ali pantchito. Ndege inatsika mpaka ndinaona udzu wopsa ndi moto wolusa m'mbali mwa msewu wa ndege, kenako nsanja inabwera pawindo langa lenileni. Pakhonde lake panaima munthu wa malaya oyera amene ndinasita ndekha, atagwira magalasi oonera patali. Ndinakweza dzanja n'kubayibitsa ngati chitsiru. Iwo sanali kuyang'ana mawindo, ankayang'ana kunsi kwa phiko, ndipo m'kuphethira kwa diso tinali titawadutsa.

Kaputeni anatiuza zimene nsanja yaona. Tayala latuluka, koma laima mopendekera pang'ono, ndipo palibe angatsimikize kuti lakhoma. Mnzake woyendetsa naye ndege anayesa kulipopa ndi manja. Kenako anatichenjeza kuti tigwiritse, n'kuigwedeza ndege uku ndi uku kuti mwina tayalalo lilowe m'malo mwake ndi kulemera kwake komwe. Amalonda ena anayamba kupemphera, wina m'Chiarabu, wina m'Chichewa. Kagetsi kaja sikanayakebe. Pamenepo kaputeni anati tizungulira kwa kanthawi kuti mafuta achepe, chifukwa ndege yopepuka imatera mofatsa, ndiponso mafuta akachepa moto umasowa chakudya.

Tinazungulira pamwamba pa Lilongwe mpaka ndinauloweza mzindawo. Mtsinje ndi mlatho wake, msika, mzikiti, malata a dzimbiri a ku Old Town, kenako nyumba zoyera za ku Kapitolo zitandandalikana paphiri, ndi mabwalo aakulu a ku Area 12 obiriwira pakati pa chilimwe. Abwana ankasuzumira pa ine kufunafuna denga lawo. Ine ndinaona denga lathu ndi mtengo wa mango wa kwa atelala. Mwana anandimenya kawiri m'munsi mwa nthiti, ndipo ndinamuyankha mumtima kuti khala chete, usadziwike.

Mayi wotithandiza uja anali wamng'ono thupi koma wa mawu osatsutsika. Anayenda ndi thumba la pilo kusonkhanitsa nsapato, magalasi a m'maso, mapeni, mano oikirira, ndi chilichonse chosongoka. Kenako anati, "Ndi mabaji omwe, chonde. Phini wake angakulaseni pachifuwa." Masiku amenewo bambo aliyense wa m'boma ankavala pajekete baji ya nkhope ya mtsogoleri, ndipo kuivula pagulu, ena akuona, sinali nkhani yamasewera. Kuiponya m'thumba limodzi ndi nsapato ndiye kunali kudzikumbira dzenje. Abwana anaphimba yawo ndi dzanja. Amuna akuluakulu amene anali atavomera kale kuti mwina afa masana amenewo ankayang'anana, kudikira kuti ayambe ndani. Mayiyo sanataye nthawi. Anatenga thireyi, anayalapo kansalu koyera, n'kuyamba kuyenda mpando ndi mpando, akunjuta pang'ono ndi kulandira ndi manja awiri. Mabaji onse anavulidwa mwaulemu, ndipo anakawatsekera m'kabati yawoyawo.

Atabwerako anafunsa mokweza ngati muli wodwala mtima kapena mayi woyembekezera, chifukwa otero amakhala mwa mtundu wina potera. Akazi tinalimo atatu, ndipo anzangawo anali agogo. Ndinayang'ana pawindo. Ndikanayamba bwanji? Pambali panga abwana, kumbuyo kwanga amuna okhaokha, ndipo chinthu chimene ndinabisira amayi anga ondibala ndichinene m'mwamba, pa ola loopsa ngati limenelo? Zinkandimvekera ngati kuilozera imfa pamene pali mwana. Ndinangokoka lamba wa pampando n'kumanga zolimba pakati penipeni pa mimba, poganiza kuti ndikumuteteza.

Posakhalitsa belu linalira ndipo mayi uja anaitanidwa kutsogolo. Anatuluka atanyamula mapilo ndi bulangete, n'kubwera molunjika kwa ine. Anagwada m'kanjira, anadutsitsa mutu kutsogolo kwa abwana, n'kundinong'oneza.

"Amayi, a ku nsanja akuti ndinu oyembekezera."

"Akuti chiyani?"

"Akuti muli ndi miyezi isanu. Masulani lambayo msanga, mwamanga poipa. Pamenepo mukanamupweteka mwana."

Choyamba kubwera chinali mkwiyo. Ndani wawatuma? Kenako manyazi, chifukwa abwana anali atamva. Kenako ndinazindikira tanthauzo la mawu aja, kuti munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ankadziwa, mpaka mwezi wake, ndipo ndinalira ngati mwana. Mayiyo sanasamale za misozi yanga. Anandisamutsira kumanja, kutali ndi tayala lovuta, pampando woyandikira chitseko. Lamba anamutsitsa kunsi kwa mimba kuti agwire mafupa a m'chiuno, mapilo anawaika kutsogolo kwanga, n'kundionetsa kuti nditangadze miyendo ndi kutsamira mikono pampando wakutsogolo, osapindika ngati enawo. Kenako anatembenukira kwa abwana.

"Bambo, inu mukhala apa. Ndege ikangoima, muwagwire dzanja mayiwa, mutuluke nawo, muthamangire kumphepo. Musatenge chikwama."

Abwana anamvera ngati mwana wa sukulu. Atakhala pansi anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Mwanawe, ndikanadziwa sindikanakutenga."

Zimene zinkachitika ku nsanja ndinazimva pambuyo pake, pang'onopang'ono, zina kwa amuna anga, zina kwa mkulu wawo wa pantchito. Kaputeni atangonena za vutolo, amuna anga anayamba ndi kumuchotsera anthu panjira. Ndege imene inali pafupi kunyamuka anaibweza kukaima pamalo ake. Kandege ka ku esiteti ya fodya anakauza kuti kazizungulira kutali, cha ku Mitundu. Onse anawapempha kuti asiye wailesi kwa ndege yovutikayo. Analiza belu la ozimitsa moto, mnzawo n'kuimbira kuchipatala. Kenako anafunsa mafunso amene amafunsidwa nthawi zotere, akuti mafuta atsala a nthawi yaitali bwanji, m'katundu muli choyaka kapena ayi, ndipo m'ndegemo muli angati. M'Chingerezi cha ntchitoyo safunsa kuti okwera ndi angati, amafunsa kuti muli miyoyo ingati, kuti oyendetsa ndi makanda a pamwendo asaiwalike, ozimitsa moto adziwe ofunika kuwatulutsa. Kaputeni anatchula nambala. Amuna anga akuti polemba, dzanja linaima, chifukwa ankadziwa kuti nambalayo yaperewera.

Sananene nthawi yomweyo. Iwonso analeredwa m'mwambo womwewo, ndipo ankadziwa chifukwa chimene ndinakhalira chete. Komanso wailesi ya ndege si lamya. Chimene wanena amamva ozimitsa moto, a zanyengo, ndi woyendetsa ndege aliyense amene ali pafupi. Anayembekezera kuti mwina ndinena ndekha. Kaputeni atauza nsanja kuti okwera onse akonzeka ndipo palibe wofunika chisamaliro chapadera, amuna anga anadziwa kuti ndauma mutu monga mwa nthawi zonse. Anatsegula wailesi n'kunena kuti pali mayi wovala diresi la maluwa achikasu, ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo sanena yekha. Kaputeni anafunsa kuti nsanja yadziwa bwanji zimenezo.

"Ndi akazi anga," anatero.

Kenako kaputeni anati wamva, n'kufunsa za mphepo, ndipo amuna anga anamuuza kumene ikuchokera ndi mphamvu yake. Mkulu wawo atamva mawu aja anadzuka kuti awalandire, popeza munthu sayenera kutsogolera ndege imene muli wake. Anaima kumbuyo kwawo, dzanja lili pampando, n'kumamvetsera. Anandiuza yekha kuti mawu awo sanasinthe ngakhale pang'ono, ndipo anaona kuti kumusinthira kaputeni munthu wolankhula naye pa nthawi imeneyo kukanangomusokoneza. Anawasiya, koma sanachoke kumbuyo kwawoko.

Amuna anga ndi kaputeni anagwirizana zochita. Kaputeni anati atera ndi tayala lakumanja, phiko lakumanzere aligwira m'mwamba mpaka liwiro litachepa, ndipo injini azizimitsa akangogunda pansi. Tayala likagonja, ndege ikhotera kumanzere. Choncho amuna anga anachotsa galimoto zozimitsa moto mbali imeneyo n'kuziika kumanja, kuti zititsatire m'mbuyo, ndipo ambulansi anaiuza chitseko chimene ndidzatulukire. Kenako anapereka chilolezo chotera, mawu omwewo amene ankanena tsiku lililonse.

M'ndege ife tinangomva mayi uja akufuula kuti, "Weramani! Weramani!" Tinagunda pansi mofewa kuposa mmene basi ya ku Likuni imagundira bampu. Injini zinazima, ndipo kunangotsala phokoso la matayala. Tayala lakumanzere linakhudza pansi, linagwira, linagwirabe, mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti linali babu chabe. Kenako linapindika. Ndege inagwera mbali imodzi, phiko linakhulika pa tala ndi phokoso lopweteka m'mano, tinakhota n'kulowa m'udzu. Lamba anandiluma m'chiuno, nkhope yanga inamira m'mapilo, ndipo tinaima pakati pa fumbi lofiira.

Abwana anandikoka ngati thumba la chimanga. Tinathamanga m'ziputu za udzu wopsa, iwo ali m'masokosi, ine wopanda nsapato, ozimitsa moto akuthira kale thovu paphiko. Moto sunabuke. Palibe anafa, palibe anathyoka, kupatula bambo wina amene anabinya bondo podumpha. Kaputeni anatuluka pomaliza. Anali mzungu wa imvi, malaya ake atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti kudekha kuja sikunali kwaulere. Atawerenga anthu ake, anabwera ku ambulansi, anavula chipewa n'kunena m'Chichewa chake cha kumsika, "Pepani, amayi. Tayala woipa." Sindinakumanenso naye, ngakhalenso mayi uja wa mapilo. Ndimawathokoza mpaka lero, iwo ndi ozimitsa moto aja, ndipo ndikamapemphera ndimawatchula ndi ntchito zawo popeza maina sindiwadziwa.

Koma mwana anali atasiya kusuntha. Chigundireni pansi, m'mimba munali zii. Ndinayang'ana ku nsanja kuti mwina munthu wa malaya oyera akutsika masitepe, koma sanatsike. Msewu wa ndege unali wotsekeka, ndipo ndege zimene zinali m'mwamba zinafunika kuuzidwa kolowera mafuta asanazithere. Lero ndimamvetsa. Tsiku limenelo ndinakwiya zedi. Ndinkati mwandiulula dziko lonse likumva, ndiye mukundisiya ndekha ndi anthu achilendo? Ambulansi inanditengera kuchipatala ku Old Town, manja anga onse ali pamimba.

Azamba anali ndi mayi wina amene ankachira, choncho anandikhazika pabenchi kuti ndidikire. Amuna anga anafika dzuwa litapendeka, atakwezedwa ndi galimoto ya a zanyengo. Anakhala pambali panga n'kuyang'ana mapazi anga olasidwa ndi ziputu.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Kale. Munasiya tiyi, ndiye njere za bwemba zinali paliponse."

"Ndiye osanena?"

"Inu simunanene. Ndinati muli ndi chifukwa." Kenako anaonjeza kuti, "Mundikhululukire poulula. Sindikanatha kungokhala."

Ndinafuna kuwakalipira, koma chimene chinatuluka ndi china. "Bambo, sakugwedezeka."

Azamba atandiitana, amuna anga anatsala kunja kwa chitseko, popeza abambo sankalowa m'chipinda chimenecho. Azambawo anali mayi wamkulu, wamanja ozizira. Anandigoneka, anapapasa, n'kutenga kachitsulo komvera mtima wa mwana, kooneka ngati kalipenga. Anakaika pamimba panga n'kutsamiritsa khutu. Anakasunthira pena. Anakasunthanso. Anakwinya nkhope n'kuuza namwino kuti atseke windo chifukwa galimoto za mumsewu zikusokosa. Ine ndinayang'ana kudenga, ndikukumbukira kuti maulendo awiri aja zinayambanso ndi nkhope yokwinya chonchi. Anakanikiza kachitsulo m'munsi, cha kumanja, n'kukhala osasuntha nthawi yaitali. Kenako chala chawo chinayamba kugogoda padzanja langa, mofulumira, mofulumira kwambiri.

"Alimo uyu," anatero. "Wangodzidzimuka, wabisala." Anatembenukira kuchitseko n'kukweza mawu. "Abambo kunjako, mtima ukugunda."

"Bwerezani, amayi."

"Ndati mtima wa mwana ukugunda."

"Bwerezaninso, sindinamve bwino."

Mawuwo anali osweka, osati aja anatsitsa ndege masana. Azamba anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kukatsegula chitseko. Anawagwira pamkono, anawalowetsa m'chipinda choletsedwacho, anawagwaditsa pambali pa bedi, n'kuwaikira kachitsulo paja pomwe. Amuna anga anatsamiritsa khutu n'kutsinzina. Aka kanali koyamba kumumva mwana wathu wamkazi, amene lero ali ndi ana akeake. Misozi yawo inkatsika m'kachitsulo kaja n'kumandinyowetsa pamimba.

Patapita nthawi azamba anati, "Basi, abambo, pabenchi pali ena akudikira."

Iwo anakweza dzanja, maso ali chitsinzinire. "Pang'ono pokha, amayi."

Azamba anakoka mpando n'kukhala pansi.